Kusankha Miyala Yoyala Pansi m'Nyumba

Kukolola kukatha, ndalama za cimanga, soya, nshawa kapena thonje zikalowa m'thumba, mabanja ambiri amatembenukira ku nyumba zawo. Caka cina amagula malata, caka cina zitseko ndi mawindo, ndipo potsiriza amafika pa nchito ya pansi. Mwa nchito zonsezi, ya pansi ndiyo yovuta kuibwereza. Lata lodontha munthu amalizula n'kukhoma lina tsiku lomwelo, koma pansi pakalakwika pamafunika kutulutsa katundu yense, kugumula zimene zinamangidwa ndi kugulanso simenti. Thukuta la dzinja lathunthu lingathe kuthera pamenepo.

M'kope lino tikambirana nanu, inu ophunzira athu ndi inu amene munatsiriza maphunziro ndipo muli pa minda yanu, za kuyala miyala pansi m'nyumba. M'madera ambiri a dziko lathu miyala ili pafupi, ndipo m'mbali mwa misewu ikuluikulu mumapezeka milu ya miyala yaphanthiphanthi imene ogulitsa amaicha ma flat stone. Ikayalidwa bwino imakhalitsa kuposa munthu amene anaiyala. Koma miyala si yofanana. Wina ndi wolimba kuposa citsulo ca mpeni, wina umamwa madzi ngati njerwa, ndipo wina umasendeka ukangopondedwa miyezi yocepa. Mfundo yathu ndi iyi: mwala usankhidwe molingana ndi nchito ya cipinda cimene udzayalidwamo, ndipo uyesedwe ndalama zisanacoke m'manja. Kukongola kubwere pambuyo, pakuti akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Phindu la pansi polimba

Sitikunyoza nyumba yozira. Amayi athu akhala akuzira ndi dothi losankhidwa bwino, ndipo nyumba yoziridwa kawirikawiri imakhala yaudongo. Vuto ndi lakuti dothi silitsukika ndi madzi ndi sopo. M'fumbi ndi m'ming'alu mumaswana matekenya ndi utitiri, ndipo mazira a njoka za m'mimba amakhalitsa m'dothi limene mwana wokwawa amagwira asanaike dzanja m'kamwa. Ku Mexico boma linayendetsa nchito yochedwa Piso Firme, yoika simenti pansi m'nyumba za anthu osauka, ndipo ofufuza anapeza kuti m'nyumba zimenezo njoka za m'mimba, kutsegula m'mimba ndi kucepa kwa magazi zinacepa pakati pa ana ang'onoang'ono. Phindu lotere limabwera cifukwa pansi pamakhala potsekeka, posesedwa ndi kukolopedwa mosavuta. Miyala yoyalidwa mosiya mipata yadothi, kapena yamaenje osunga zinyalala, siingapereke phindu limeneli ngakhale ikhale yokongola motani.

Mitundu ya miyala imene tili nayo

Mapiri ambiri a m'cigawo ca Kum'mawa, monga a ku Chipata, Katete ndi Petauke, ndi a miyala yolimba imene akatswiri amaicha granite ndi gneiss. Granite amadziwika ndi timadontho toyera, totuwa, tofiirira ndi takuda tosakanikirana, pamene gneiss amakhala ndi mizeremizere. Miyala iwiriyi siimwa madzi kwenikweni, siikandika msanga, ndipo zinthu zowawasa siziidya. Cobvuta cake n'cakuti ndi yolemera ndiponso siigawika mosavuta kukhala mapale ofanana kucindikala. Mapale amene amasendeka okha pamwamba pa thanthwe ndi osavuta kutola, koma ena mwa iwo anafooka kale ndi dzuwa ndi mvula ya zaka zambiri. Granite wodulidwa ndi makina n'kupukutidwa, ngati amene timamuona pa ziliza, ndi wokwera mtengo ndipo amaterera kwambiri akanyowa.

Wina ndi quartzite, mwala umene unali mcenga kalekale n'kuumbika ndi kutentha ndi kupsinjika kwa pansi pa nthaka. M'malo ena umagawika bwino kukhala mapale, ndipo ndi umodzi mwa miyala yoyenera kwambiri kuyala pansi. Cenjerani kuti musausokoneze ndi mwala wina wonyezimira kwambiri, wodzala ndi tizidutswa tosendeka ndi cikhadabo. Umenewo umakongola pa mulu, koma umanyenyeka m'nyumba.

Mwala wamcenga, umene umapezeka kwambiri m'cigwa ca Luangwa, ndi wokhakhala ndipo phazi limaugwira bwino. Koma uli ndi timabowo tosaoneka timene timamwa madzi ndi mafuta. Wina ndi wolimba ndithu, wina umasiya mcenga m'dzanja ukaupekesa. M'malo omwewo mumapezekanso mwala wamatope, umene umaoneka wosalala uli wouma, koma ukanyowa ndi kuuma kangapo umasweka tizidutswatizidutswa. Umenewu usalowe m'nyumba.

Sileti akuluakulu amamukumbukira, popeza ndi mwala womwe uja ankalembapo kusukulu. Amagawika kukhala mapale opyapyala ndi osalala, ndipo wabwino samwa madzi ambiri. Komabe amakandika mosavuta, ndipo wosakhwima amatukuka magawomagawo.

Potsiriza pali mwala wa laimu ndi mabo. Mzinda wa Lusaka unamangidwa pamwamba pa miyala ya mtundu umenewu, ndipo n'cifukwa cake fakitale ya simenti inakhazikitsidwa ku Chilanga. Alimi mumaudziwa mwala umenewu, pakuti ukaperedwa ndiwo laimu amene timathira m'munda kuti acepetse asidi m'nthaka. Khalidwe lomwelo limene limauyenereza kumunda limaufooketsa m'nyumba: ukakumana ndi asidi umadyeka. Madzi a mandimu, matimati, munkoyo wosasa ndi mankhwala ena otsukira m'cimbudzi amasiya zipsera pa mwala wotere.

Mayeso asanu musanalipire

Maina amene tachulawa ndi othandiza, koma wogulitsa pamsewu kawirikawiri sadziwa dzina la mwala wake, ndipo phiri limodzi lingathe kutulutsa mwala wabwino ndi woipa. Conco pemphani kapena gulani zidutswa ziwiri kapena zitatu za pa mulu womwewo umene mufuna, mupite nazo kunyumba ndi kuziyesa motere.

1. Kugogoda. Imikani phale mocirikiza ndi dzanja limodzi, muligogode ndi hamala pang'onopang'ono. Mwala wathunthu umalira momveka ngati citsulo. Ukalira mogonthera, ngati mbiya yong'aluka, ndiye kuti uli ndi mng'alu wobisika kapena unafooka m'kati.

2. Kukanda. Kandani mwamphamvu ndi nsonga ya mpeni kapena msomali. Pa granite ndi quartzite citsulo cimangosiya kamzere kotuwa kamene kamafufutika ndi cala. Pa laimu, mabo ndi sileti cimakumba kanjira n'kutulutsa ufa. Mwala wokandika ndi mpeni udzakandikanso ndi mcenga wobwera ndi nsapato.

3. Madzi ndi mafuta. Dontheza madzi pang'ono pa mwala wouma ndi kudikira mphindi 10. Akakhalabe pamwamba, mwalawo ndi wotsekeka. Akalowa n'kusiya banga lakuda, mwalawo ndi womwa. Citaninso cimodzimodzi ndi dontho la mafuta ophikira, mulisiye usiku wonse ndi kutsuka m'mawa ndi sopo. Banga limene latsala ndilo mudzakhala nalo m'khichini masiku onse.

4. Ndimu. Finyirani madzi a ndimu kapena viniga pamalo pamene munakanda paja. Pakatuluka tithovu, kapena pakatsala cipsera cotumbuluka mutapukuta, ndiye kuti mwalawo ndi wa gulu la laimu. Miyala ina ya gululi siicita thovu msanga, n'cifukwa cake tikuti muyese pa ufa wokandidwa.

5. Kuviika ndi kuyanika. Viikani cidutswa m'ndowa usiku wonse, muciyanike padzuwa tsiku lonse, ndipo mubwereze kasanu kapena kuposa. Onani ngati pansi pa ndowa patsala mcenga kapena zipalapala, ngati m'mbali mwayamba kutukuka, ndiponso ngati patuluka mabanga adzimbiri. Cidutswaco cikadali conyowa, cipakeni sopo ndi kupondapo mosamala ndi phazi lopanda nsapato, kenaka ndi patapata, kuti mumve kuterera kwake.

Mayeso onsewa safuna ndalama. Amafuna sabata imodzi cabe ndi kudekha.

Cipinda ciliconse ndi mwala wake

Pakhonde ndi pakhomo ndi pamene pamapondedwa kwambiri, pamafika mvula, matope ndi mcenga. Pamafunika mwala wolimba ndi wokhakhala pang'ono, monga quartzite, gneiss kapena granite wosapukuta. Mwala womwa madzi ukayalidwa kumbali imene sikufika dzuwa umamera ndere m'dzinja n'kuyamba kuterera.

Pabalaza mungathe kutsata maso pang'ono, popeza madzi ndi mafuta sizifikapo kawirikawiri. Sileti wokhwima, mwala wamcenga wolimba ngakhalenso mabo zingathe kukhalapo. Cofunika n'cakuti mapale akhale osalala mokwanira kuti mpando ndi tebulo zisagwedere, ndiponso kuti tsache lisasiye zinyalala.

M'khichini musankhe mwala umene wapambana mayeso a mafuta ndi ndimu. Kumbukiraninso kuti moto umaswa mwala, ngakhale granite amene. Mbaula isaikidwe pamwala mwacindunji, koma pa njerwa kapena pa thireyi yacitsulo yokhala ndi mcenga. Mtondo nawo ukhale panja, pakuti kugunda kwa munsi kumamasula mapale ndi kung'amba mipata.

M'bafa ngozi yaikulu ndi kuterera. Nkhalamba ikagwa n'kuthyoka fupa la m'ciuno nthawi zambiri siyambiranso kuyenda bwino, ndipo mayi wapakati naye kugwa kungamuike pa ngozi. Mwala wopukutidwa usayalidwe m'bafa ngakhale mutaupeza mochipa. Pansi papendekeke pang'ono, sentimita imodzi kapena awiri pa mita iliyonse, kuti madzi azithamangira kotulukira.

M'cipinda cogona ganizirani za Juni ndi Julayi. Mwala umacedwa kutentha ndiponso umakoka kutentha kwa thupi, conco umatonthoza m'mwezi wa Okutobala koma umazizira kwambiri m'nyengo yacisanu. Ngati ana amagona pansi, pafunika mphasa yocindikala kunsi kwa zogonera zawo.

M'cipinda cosungira zokolola kukongola kulibe nchito. Pamafunika pansi posalala, popanda mipata yobisalamo anankafumbwe, ndipo pamenepa simenti yokha imaposa miyala. Kaya pansi ndi pa mwala kapena pa simenti, matumba a cimanga ndi a feteleza asanjikidwe pa mitengo kapena matabwa, osati pansi penipeni.

Kuwerengera mtengo weniweni

Ambiri amaganiza kuti miyala imapulumutsa simenti. Tiyeni tiwerengere cipinda ca mamita 3 m'lifupi ndi mamita 4 m'litali, cimene ndi masikweya mita 12. Konkire wa pansi wocindikala masentimita 7 kapena 8 amadya matumba pafupifupi 4 a simenti a makilogalamu 50. Dothi la simenti lokhazikapo miyala ndi lotsekera mipata limadya matumba ena 3 kapena 4. Mukanati mungosalaza ndi simenti yokha pamwamba pa konkireyo, mukanagwiritsa nchito matumba pafupifupi 3. Conco simenti ndi yofanana kapena kuposerapo, ndipo pamwamba pake pali mtengo wa miyala, wa mayendedwe ndi wa mmisiri, amene amatenga masiku ambiri poyala miyala kusiyana ndi posalaza simenti.

Kulemera nako kuwerengedwe. Mapale abwino oyala m'nyumba amacindikala masentimita 2 ndi theka mpaka 4. Sikweya mita imodzi ya mwala wolimba wocindikala masentimita 3 imalemera makilogalamu pafupifupi 80. Cipinda cathu cija cifuna pafupifupi tani imodzi, kulemera kofanana ndi matumba 20 a cimanga. Popeza mapale osadulidwa mofanana amatayika ambiri powasema, gulani okwanira masikweya mita 14. Amene ali ndi ngolo awerengere maulendo angapo m'malo molemetsa ng'ombe ndi kuthyola ekiselo. Apa m'pamene pamaonekera kuti mwala wapafupi umene wapambana mayeso umaposa mwala wokongola wocokera kutali.

Pogula, musavomere mtengo wa mulu musanauone m'kati. Pemphani kuti mapale ayalidwe pansi mothithikana ndi kupima malo amene akwanira. Potero mudzaona ngati m'kati mwa mulu munabisidwa tizidutswa, ndiponso ngati mapalewo akufanana kucindikala. Mapale osiyana kwambiri amadya simenti yambiri powalinganiza.

Ngati ndalama sizikwanira nyumba yonse, palibe manyazi kuyala miyala pakhonde ndi pabalaza pokha, n'kusalaza simenti m'zipinda zina. Pansi pa simenti popangidwa bwino pamaposa pansi pa miyala popangidwa mopereweza.

Zimene zimakhala kunsi kwa mwala

Miyala yambiri imene imasweka m'nyumba siisweka cifukwa ca kufooka kwake, koma cifukwa ca zimene zili kunsi kwake. Yambani ndi kucotsa dothi lonse lapamwamba pamodzi ndi mizu ndi zitsa, pakuti zimenezi zikaola zimasiya mphako ndiponso zimaitana ciswe. Thirani zidutswa za njerwa zootcha kapena miyala yoswa, ndi kutsindira mwamphamvu gawo ndi gawo, osati zonse nthawi imodzi. Pamwamba pake yalani mcenga pang'ono kuti utseke nsonga zakuthwa, kenaka pulasitiki yocindikala yochinga cinyezi, yopitirirana bwino polumikiza. Popanda pulasitiki imeneyi cinyezi cimakwera m'dzinja n'kusiya mabanga oyera ngati mcere pa miyala ndi m'mipata. Pansi pa nyumba pakhale pokwera masentimita osacepera 15 kuposa bwalo.

Konkire asakanizidwe motere: muyeso umodzi wa simenti, itatu ya mcenga wa kumtsinje ndi isanu ndi umodzi ya miyala yoswa. Amene munamanga pa dothi lakuda la kudambo, limene limafufuma m'dzinja ndi kung'ambika m'cilimwe, funsani mmisiri wodziwa za kuika waya wacitsulo m'konkire, cifukwa dothi lotere limang'amba konkire pamodzi ndi miyala yake.

Musanasakanize simenti yoyalira, yalani mapale onse pouma kuti muone mmene akugwirizanirana. Akuluakulu apite pakhomo ndi m'mbali mwa zipupa, ang'onoang'ono atseke pakati. Phale locindikala kwambiri ndilo limalamula msinkhu wa pansi ponse. Pimaninso citseko, popeza mwala ndi dothi lake zimakweza pansi masentimita 6 kapena kuposa.

Dothi lokhazikapo miyala likhale muyeso umodzi wa simenti pa inayi ya mcenga. Tsukani phale lililonse, mulinyowetse kunsi ndi kupakako phala la simenti, ndipo mulikhazike pa dothi lodzaza bwino, osati pa timilu tapangodya. Ligogodeni ndi mtengo kufikira litafanana ndi anzake, mukuyang'ana levulo ndi thabwa lowongoka. Mipata ikhale ya sentimita imodzi kapena awiri, ndipo itsekedwe ndi muyeso umodzi wa simenti pa itatu ya mcenga wosefa, mofanana ndi pamwamba pa mwala kuti isasunge litsiro. Simenti yogwera pa mwala ipukutidwe nthawi yomweyo ndi nsanza yonyowa, pakuti ikauma siicoka. Pasapondedwe masiku atatu, ndipo pazikhala ponyowa masiku 7. Simenti imalimba ndi cinyezi, osati ndi kuuma msanga, ndipo imafika pa mphamvu yake yoyenera patapita masiku 28.

Kumene titenga miyala

Phiri lili ndi eni ake. Musanaswe thanthwe lililonse pitani kwa anyakwawa, ndipo amene mufuna kukumba miyala yogulitsa dziwani kuti malamulo a dziko amafuna cilolezo. Musacotse miyala m'mbali mwa mtsinje, m'zigwembe kapena pa mizere yochinga madzi m'munda, pakuti kumeneko ikugwira kale nchito yoteteza nthaka imene imatidyetsa. Kumanda ndi kumalo olemekezeka a makolo kusakhudzidwe. Cigawo ca Kum'mawa cilinso ndi mapanga okhala ndi zojambula za anthu akale, monga Thandwe kufupi ndi Chipata, Mkoma ku Katete ndi Kalemba ku Chadiza. Malo otere amatetezedwa ndi bungwe la National Heritage Conservation Commission, ndipo thanthwe lojambulidwa likasweka palibe angalibwezeretse.

Tetezaninso matupi anu. Fumbi la granite, quartzite ndi mwala wamcenga likalowa m'mapapo kwa nthawi yaitali limayambitsa matenda osacizika. Semani ndi chizulo ndi hamala pamene mungathe. Ngati mugwiritsa nchito galainda, dulirani panja, mphepo ikucotsa fumbi kumaso kwanu, mutavala cophimba mphuno coyenera. Magalasi oteteza maso avalidwe nthawi zonse, ndipo ana akhale kutali ndi nchito yoswa ndi kunyamula miyala.

Kasamalidwe

Pansi pa miyala sipafuna zambiri. Sesani tsiku ndi tsiku, popeza mcenga ndiwo umakanda, ndipo kolopani ndi madzi ndi sopo wamba. Polishi wofiira wa pa simenti musamupake pa mwala womwa, cifukwa amalowa m'kati ndipo satulukanso. Polishi wamafuta amawonjezera kuterera. Amene munayala mwala wamcenga kapena wa laimu mungathe kugula m'masitolo a zomangira mankhwala otseka timabowo ta mwala, koma muwapake pansi pataumiratu, ndipo muyambe mwayesa pa kadutswa kapadera. Mpata ukang'ambika utsekedwe sabata yomweyo madzi ndi nyerere zisanapeze njira. Sungani mapale anayi kapena asanu otsala, kuti lina likadzasweka mudzapeze lofanana nalo.

Amene mukonzekera nchitoyi caka cino, yambani kuyesa miyala tsopano, ndipo muyale m'cilimwe mvula isanagwe, pamene misewu ya ngolo ili youma ndipo manja sali otanganidwa ndi kumunda. Khalani pansi monga banja ndi kumva maganizo a amene amasesa, kukolopa ndi kuphika, pakuti iwo ndiwo adzakhala ndi mwalawo tsiku lililonse. Pitaninso mukaone nyumba ya mnansi amene anayala mwala womwewo zaka zingapo zapitazo, mukafunse mmene wakhalira m'dzinja ndi m'cisanu. Safunsa anadya phula.